Miyendo Inayi ya Bwanamkubwa Njati

Padangokhala, ndipo inu amene muli nane vomerani kuti tili limodzi, nyama zidatopa ndi ufumu wa Mkango. Mkangoyo ankapanga lamulo m'mawa, masana n'kuweruza nalo mlandu, madzulo n'kudya wolakwayo. Atafa, nyama zidati zimenezi zisadzachitikenso. Zidagawa dziko m'zigawo, chigawo chilichonse ndi boma lake, ndipo m'bomamo zidagawanso ntchito patatu kuti pasapezekenso wodya yekha.

M'chigawo cha nthano yathuyi, opanga malamulo adali Achule, poti iwo kuyankhula satopa nako. Woweruza milandu adali Kadzidzi. Woyendetsa boma, amene ankatchedwa Bwanamkubwa, adali Njati. Iyeyu sankapanga lamulo, sankaweruzanso mlandu, koma ankasankha nduna ndi kuzichotsa, ankalamula asilikali, ndiponso adali ndi mphamvu yokhululukira aliyense amene bwalo lamupeza wolakwa. Mphamvu yomalizayi ankaisunga ngati mbewu ya chaka cha njala, moti palibe adaionapo.

Tsiku lina Njati adapita kukatsegulira chitsime chatsopano. Ali mkati mofotokoza za kulimba kwa boma lake, phazi lidatsetsereka, bwana uja n'kukhala m'matope, thapsa! Nyama zonse zidayang'ana pansi, zina zikudziluma milomo. Koma Nangozo, mkazi wa Gologolo, adali panthambi, ndipo chiseko chidamuphulika. Adayesa kutseka pakamwa ndi mchira, chisekocho n'kutulukira m'mphuno.

Tsoka lake, padali lamulo lotsala la nthawi ya Mkango loti woseka wolamulira aziperekedwa kwa Ng'ona. Achule adagwirizana kalekale zolichotsa, koma akakumana ankayankhula onse pamodzi mpaka dzuwa kulowa, lamulolo lili chikhalire. Kadzidzi adatembenuza mutu uku ndi uku, nati, "Lamuloli n'loipa, koma ine sindipanga malamulo. Nangozo aperekedwe kwa Ng'ona pa dooko la mtsinje wa m'malire, masana a tsiku lachinayi." Ng'onayo ndiye adali nduna ya ndende ndi zilango, ndipo ntchito yake ankaikonda kwabasi.

Gologolo adasiya ana ake awiri kwa apongozi ake, nathamangira kwa Njati.

"Bwana, ndagwira mwendo wanu. Mayi uja kuseka n'chibadwa, amaseka ndi pamaliro pomwe. Ana akadali aang'ono. Mukhululukireni."

"Anandiseka pagulu," adatero Njati. "Akasekere m'mimba mwa Ng'ona. Choka apa."

Gologolo adatuluka. Adachita mantha enieni, chifukwa mkazi wakeyo ankamukonda, ndipo nyumba yopanda iye sankatha n'kuiganizira komwe.

Kuseri kwa ofesi adapeza Njiri atagwada, akufukula mizu. Njiriyu adali wachiwiri kwa Bwanamkubwa. Nyama zidamusankha pamodzi ndi Njati, choncho Njati sakadatha kumuchotsa, komanso ntchito sankamupatsa. Kwa zaka zisanu ndi ziwiri ntchito yake idali kugwada bwana akamadutsa, mpaka maondo adauma gwa.

"Bwana wachiwiri," adatero Gologolo, "inu simungamukhululukire mkazi wanga?"

"Ine? Ine ndili ngati mpini wapadera, mwanawe. Amandikumbuka winawo ukathyoka."

"Ndiye mulibe mphamvu iliyonse?"

"Ndili nazo zonse, koma zili mtulo. Lamulo likuti Bwanamkubwa akachotsa miyendo yake yonse inayi panthaka ya chigawo chino, mphamvu zake zimagwera ine mpaka atabwerera. N'chifukwa chake bwanayo sawoloka mtsinje wa m'malire uja. Maliro a malume ake kutsidya sanapiteko, anangotumiza nduna kuti ikalire."

"Nanga amaona ndani kuti miyendo yakwana inayi?"

"Mlembi wamkulu wa boma, a Bongololo. Nkhani ya miyendo angawapose ndani? Ndiponso chikalata chilichonse cha boma sichigwira ntchito mpaka iwowo ataponda pamwaye n'kuyendapo ndi miyendo yawo yonse. Chidindo chathu n'chimenecho."

Gologolo adakanda kukhutu, mchira n'kuyamba kugwedezeka wokha. Dzuwa litapendeka adapita kuseri kwa chitolokosi cha nsungwi mmene adatsekeramo Nangozo. Alonda sankalola kucheza ndi womangidwa, koma lamulo loletsa kuimba padalibe. Ndiye adaimba kanyimbo kofunsa kuti pakati pa mkazi wake ndi kwawo patsala miyendo ingati, n'kudziyankha yekha kuti yatsala inayi. Nangozo sadamve tanthauzo lake, koma adavomera m'katimo, akuomba m'manja, mpaka alonda nawo adayamba kugwedeza mitu.

Tsiku lachiwiri Gologolo adalawirira kwa Njati.

"Bwana, lero sindinabwerere za mkazi wanga. Kutsidya kwa dooko kwaphuka msipu wanthete. Eni ake akuti ng'wa alendo olemekezeka okhaokha, ndiye ndinati wolemekezeka kuposa bwana wathu ndani?"

Njati adameza malovu. Koma Bwanamkubwa sayenda yekha, choncho udali ulendo wa boma: asilikali a Nungu patsogolo, Njati pakati, Njiri pambuyo atabereka Bongololo, poti mlembiyo akadati ayende yekha akadafika msipu utauma.

Atafika pa dooko, Njati adaviika miyendo yakutsogolo m'madzi, natambasula khosi, n'kuyamba kubudula msipu wa kutsidya.

"Iwiri," adatero Bongololo.

"Wokoma kwambiri uli patsogolopo, bwana," adatero Gologolo. "Mungosendera pang'ono."

Njati adacheuka, naona Njiri akunyambita milomo. "Khosi langa n'lokwanira," adatero. Adadya mpaka mimba idati ndii, nabwerera chafutambuyo. Madzulo ake kanyimbo kaja kadamvekanso kuseri kwa chitolokosi, yankho lake likuti yatsala iwiri, ndipo Nangozo adavomera monga dzulo.

Tsiku lachitatu Gologolo adalowa mu ofesi akupuma wefuwefu.

"Bwana, pakamwa panga pakuchita manyazi kubwereza. Nyani wina kutsidya wakhala pamwala, akuuza aliyense wodutsa kuti nyanga zanuzi n'zomata ndi phula, ndipo mumazivula pogona."

Njati adafwenthera mpaka zikalata zidauluka. Adatuluka ali liwiro, boma lonse likumuthamangira pambuyo. Pa dooko adalowa m'madzi, khuvu!

"Iwiri," adatero Bongololo. "Itatu."

Mwendo wachinayi udali utayamba kale kunyamuka. Nthawi yomweyo Njiri, amene adakhala zaka zisanu ndi ziwiri akukonza mawu odzayankhula tsiku lolandira mphamvu, adatsokomola pang'ono kuti ayeretse kukhosi. Njati adamva. Chiboda chija chidakanirira pagombe ngati chamera mizu.

"Bwanamkubwa samenya nkhondo ndi manja ake," adatero Njati akubwerera. "Asilikali ndinawasungiranji? Anungu, wolokani mukamugwire Nyaniyo."

Anungu adawoloka, nafufuza mpaka dzuwa kupendeka, osapeza Nyani ngakhale mmodzi, ndipo adabwera ndi lipoti loti mdani wathawa chifukwa choopa boma.

"Bwana wachiwiri," adatero Gologolo misozi ili pafupi, "chifuwa chimenechi simukadachisunga pang'ono?"

"Pepa, mwanawe. Chinangobwera chokha."

Tsiku limenelo kanyimbo kadati watsala umodzi. Nangozo adavomera motsitsa, m'manja sadaombe. Mawa lake lidali tsiku la Ng'ona, ndipo nzeru zidali zitamuthera Gologolo.

Akubwerera kwawo mutu uli pansi, adangomva kutsogolo mawu a apongozi ake akubwera ndi ana aja. Asadaganize n'komwe, miyendo idamutengera yokha m'mtengo, nabisala kuseri kwa nthambi mpaka iwo atadutsa. Mukudziwa inu mwambo wake: mkamwini sakumana maso ndi maso ndi mayi wa mkazi wake. Akawaona akubwera amapatuka, kaya kuli minga kaya kuli dzenje, ndipo kuyankhulana kwawo n'kodzera mwa wina. Ali m'mtengomo, Gologolo adadziyang'ana mmene wakwerera, nafunsa mtima wake kuti, kodi Bwanamkubwa adakwatira kumwamba?

Ayi ndithu, adakwatira pansi pompano. Apongozi ake adali aNachanza, njati yokalamba ya nyanga imodzi, imene inkakhala kumapeto kwa chigawo. Gologolo adakawapeza akununkhiza fodya pakhonde.

"Agogo, munda wanu uja bwanji wamera thengo chonchi? Mulibe mkamwini?"

"Usandiyambe, mwana iwe! Ndinali naye. Chimusankhireni sanagwirepo khasu pano. Ndikatuma mthenga akuti bwana ali pamsonkhano."

"Mawa masana akakhala pa dooko, boma lonse lili pomwepo. Ine ndikadakhala inu ndikadapita kukauza mtengo wa mkuyu uli pamenepo mavuto anga onse. Mtengo suyankha mwano. Akamva wina, ndi zake."

ANachanza adatseka kabotolo ka fodya. "Ndodo yanga ili kuti?"

Tsiku lachinayi boma lonse lidasonkhana pa dooko. Njira yofikira pamenepo idali imodzi, yopapatiza, minga ya kankhande uku ndi uku. Ng'ona adayandama pafupi akutsuka mano. Anungu adabwera ndi Nangozo atamumanga luzi m'chiuno. Njati adaima m'mphepete mwa madzi, chifuwa chili patsogolo, nayamba kuyankhula za ulemu woyenera atsogoleri.

Kenaka kumbuyo kudamveka ndodo, go, go, go.

"Zikomo kumeneko! Tidutse nawo ife okalamba!"

Njati adawadziwa mawuwo. Makutu adagwa. Adayang'ana kumanja, minga. Kumanzere, minga. Kumbuyo, apongozi akubwera, nyanga yawo imodzi ili patsogolo. Mwambo udafika m'miyendo nzeru zisadafike m'mutu. Bwana uja adalumphira m'madzi, nawoloka, n'kukadzibisa m'bango la kutsidya, kungotsala nsonga za nyanga.

"Iwiri, itatu, inayi," adatero Bongololo. Adawerenganso kachiwiri, poti adali mlembi wosamala. "Inayi. A Njiri, boma lili m'manja mwanu."

Njiri adagwada.

"Dzukani, bwana!" adanong'ona Gologolo. "Mukugwadira yani? Bwanamkubwa ndinu!"

ANachanza adakhala pansi pakamwa penipeni pa dooko, nafulatira mtsinje, nayang'ana mtengo. "Iwe mkuyu," adayamba, "ndimati ndikuuze za mkamwini wina wake amene anabwera pakhomo panga ali ndi nthiti zowerengeka."

Njati adamira pang'ono m'bangomo. Kubwerera sakadatha, poti njira idali yomweyo yakhala apongoziyo. Kukuwa sakadathanso, chifukwa mkamwini wokuwa pamaso pa apongozi ndiye kuti kwawo kulibe akulu.

Njiri adadzuka, nayeretsa kukhosi. "Abale ndi alongo, nkhani yanga ndiyambira tsiku limene ndinabadwa."

Gologolo adamudula mawu. "Bwana, mawu amenewo ndi okoma, koma fodya wako ndi amene ali pamphuno. Agogowa akanyamuka, mphamvu zanu zanyamukanso."

"Ndiye ndiyambe n'kusankha nduna. Mlamu wanga akhale wa zaulimi."

"A Njati akabwera adzamuchotsa lero lomwe."

"Ndilamule asilikali andimangire nyumba."

"Adzawaletsa asanadule ndi mtengo umodzi womwe. Zonse zimene mungachite, bwana, mnzanuyo adzazifufuta ngati mapazi a nkhuku pabwalo, ndipo adzukulu anu sadzakhulupirira kuti munalamulirapo. Chilipo chimodzi chokha chimene sangachifufute. A mlembi, ndikunama?"

"Chikhululukiro chikadindidwa sichibwezedwa," adatero Bongololo. "Ngakhale Achule sangachikhudze."

Njiri adaima chilili, maso ali kutali. "Sichibwezedwa," adabwereza, ngati akulawa uchi. Kenaka adakweza mawu. "Ine, Bwanamkubwa Njiri, ndamukhululukira Nangozo! Lembani!"

Adalemba pakhungwa, nathira mwaye pansi. Bongololo adapondapo, nayamba kuyenda pachikalatacho. Koma inu, kuyenda kwake! Mwendo uliwonse ankauponda mosamala, n'kuuyang'ana ngati wadinda bwino, kenaka wotsatira.

"Fulumirani, a mlembi!"

"Za boma sizithamangitsidwa," adatero Bongololo.

Ng'ona adasendera pafupi. "Ine ndimangotsata zolembedwa," adatero mwaulemu. "Chikalata chikapanda kutha, chakudya changa chili pomwepo."

ANachanza adauza mkuyu za munda wosalimidwa, za denga lodontha, za mwana wawo amene adaonda chikwatiwire. Atatha adapuma, nagwira ndodo kuti adzuke. Bongololo adali asadafike ndi pakati pomwe. M'bango muja nyanga zidayamba kusuntha.

"Agogo," adatero Gologolo, "nanga za nkhokwe ija mwausimbira mkuyu?"

"Ha! Nkhokwe!" Adakhalanso pansi. "Iwe mkuyu, nkhokwe anandimangira mkamwini ameneyu inagwa ndi mphepo ya chikupizo cha nkhuku."

Nyanga zidamiranso. Nkhani ya nkhokwe idatenga nthawi, chifukwa idali ndi nthambi zake, koma nayo idatha. Agogo adagwiranso ndodo. Bongololo adali atadutsa pakati.

"Agogo, paja tsiku la chinkhoswe anabwera ndi chiyani?"

"Usandikumbutse! Dzungu limodzi, lobooka ndi mbewa!"

Anungu, asilikali olemekezeka, adayamba kunjenjemera minga ndi chiseko chobisa. Gologolo adayamba kung'ung'udza kanyimbo kake kaja, koma tsopano miyendo yofunsidwayo idali ya Bongololo, ndipo yankho lake palibe ankalidziwa. Nangozo adavomera chapansipansi, maso ali pakhungwa.

Za dzungu zitatha, aNachanza adadzuka ndithu. "Ndanena zokwanira. Mawondo akundiwawa." Adayamba kubwerera m'njira muja, ndipo Njati adavuuka m'bango, nalowa m'madzi. Pachikalata padali patatsala kachidutswa ka kumchira kwa Bongololo.

Gologolo adalumpha, nagwada pakati panjira patsogolo pa agogowo, akuomba m'manja.

"Agogo, ndine mwana wopanda mwambo. Chifikireni sindinakulonjereni. Mwadzuka bwanji?"

Wamkulu sangapitirire moni wa mwana wogwada. ANachanza adaima. Njati naye adaima pakati pamtsinje, nafulatira.

"Tadzuka, kaya iwe?"

"Tadzuka. Nanga kunyumba ali bwanji achemwali anu aakulu?"

"Ali bwino, koma msana."

"Pepani. Nanga aang'ono?"

"Amenewo ndi chifuwa."

"Pepani ndithu. Nanga ana a aang'onowo? Woyamba uja?"

Njati ndi mtundu wobereka, abale anga. Gologolo adalonjera woyamba, wachiwiri, wachitatu, adzukulu, azilamu, mpaka adafunsa za ena amene adamwalira chaka cha dzombe, agogo n'kuyamba kumufotokozera mmene maliro ake adayendera. Potsiriza aNachanza adati, "Mwana iwe uli ndi ulemu, koma wanditopetsa," namulambalala, n'kumapita. Osacheuka adaponya mawu kumbuyo: "Iwe mkuyu, umuuze kuti khasu lili pakhomo, mawa m'mamawa."

Njati adathamanga m'madzimo, madzi ali phwaphwa, naponda chiboda pagombe.

"Ndabwera! Mphamvu zanga!"

"Mwalandiridwa, bwana," adatero Bongololo, akupukuta mwendo wake womaliza paudzu. "Chikalata chatha kudindidwa musanaponde."

Njati adayang'ana khungwa lija, timapazi takuda tili ndondondo kuchokera uku mpaka uko, popanda podumpha.

"Ndachifafaniza!"

"Sichibwezedwa, bwana."

"Njiri, ndakuchotsa!"

Njiri adali atayamba kale kupinda maondo, koma adawaongola. "Anandisankha ndi anthu omwe anakusankhani inu, bwana."

"Mangani Gologolo!"

"Pa mlandu wanji, bwana?" adafunsa mkulu wa Anungu. "A Kadzidzi akatifunsa tikati walakwa kulonjera nkhalamba?"

Njati adazungulirazungulira, mkwiyo ukusowa pogwera. Maso ake adagwa pa Ng'ona, amene sadalakwe kanthu tsiku limenelo koma kungokhala nduna. "Iwe! Ndakuchotsa pa unduna!"

"Ine ndatani, bwana?"

"Ndiwe wekha ndingathe kuchotsa pano!"

Bwanamkubwa adanyamuka matope ali thupi lonse, bango litakola panyanga, nafunsa chapansipansi ngati pali amene angamubwereke mpini wa khasu la apongozi lija.

Anungu adamasula luzi. Nangozo adayenda pang'onopang'ono mpaka pamene padali mwamuna wake, amene adali atakhala pansi tsopano.

"Bambo a ana," adatero, "agogo aja akadapanda kubwera, mukadatani?"

Gologolo adayang'ana kumbali. Adayankha ndi Ng'ona, akulowa m'madzi mokhumudwa.

"Mwamuna wanuyu anabwera kwa ine m'mawa, mayi. Anati zikavuta ndiyambire iyeyo, ndimutafune pang'onopang'ono, mwina ndikhuta inu n'kukusiyani."

Nangozo adamuyang'ana mwamuna wakeyo, kanthu kosakwana ndi dzino limodzi la Ng'ona, misozi n'kuyamba kutsika.

"Inuyo? Mukadakhutitsa ndani inu?" adatero, akumudzutsa ndi dzanja. "Tiyeni kwathu, ana akudikira."

Yanga yathera pamenepa. Amene anakwirira mbatata paphulusa akaione msanga, ine ndamva kale fungo lopserera.